Ledson Sanaweruke

Ku Machinjiri, mbali ya kumtunda komwe minibasi zimakana kufika mvula ikagwa, kuli kanyumba ka zipinda ziwiri kogundana ndi nyumba ya eni ake. Anthu akumeneko akamadutsa pamenepo amatsitsa mawu, ena amachita kuoloka msewu. Mmenemo ndi momwe munkakhala Ndaziona ndi mwamuna wake Ledson, ndi kamwana kawo Tamanda, kamene nthawi imeneyo kanali katangoyamba kukwawa.

Ledson ankagwira ntchito ya makompyuta, koma ku ofesi sankapita. Bwana wake, a Mbendera, anali ndi kakampani m'tauni. Ankalandira ntchito kuchokera kwa anthu akunja n'kumagawira antchito awo kuti azigwirira kunyumba, ndipo malipiro ankatengera maola amene munthu wakhala pa ntchitoyo. Ndiye Ledson anali ndi wotchi mu laputopu yake. Sinali wotchi ya mivi ayi. Linali galasi lakuda bii, lopanda chithunzi chilichonse, timalemba toyera tokhatokha. Akakhala pampando ankalemba liwu lakuti yamba, manambala n'kuyamba kuyenda. Akamaliza ankalemba weruka, manambala n'kuima. Mawu amenewa anachita kuikamo yekha m'malo mwa achingerezi, ati makinawo adziwe kuti ali m'nyumba ya yani.

Mabuku a maola analipo awiri. Lina linali la mu laputopumo, lina linali la a Mbendera, lokhala pa intaneti. Lachisanu lililonse 4 koloko madzulo mabuku awiriwa ankakumana okha, kudzera pa kabokosi ka intaneti kokhala pawindo, kuti zolembedwa zifanane. Ledson ankati kumeneko ndiye kulumikiza.

Ndaziona sukulu analekera Sitandade 6, koma maso anali nawo. Ankaona zonsezi akukolopa, mwana ali kumbuyo. Anaona kuti magetsi akazima Ledson ankaimitsa wotchi, ngakhale ankakhalabe pampando pomwepo kudikira. Anaona kuti akapita kuchimbudzi ankaimitsanso, kuopa kunenedwa kuti akuba nthawi. Anaonanso kuti a Mbendera sankaimba foni manambala akachuluka, ankaimba akachepa basi.

Tsiku limene Ledson anamwalira linali Lachiwiri. Cha m'ma 11 m'mawa mita inayamba kulira kuti mayunitsi akutha, iye n'kuvala masilipasi kuti akagule kumsewu. Ndaziona anamufunsa ngati amubweretsere tiyi. Anayankha ali kale pakhomo.

"Ungosiya patebulopo. Ndikubwera pompano, sindinaweruke."

Pobwerera anakwera kabaza kuti afulumire. Lole ya mchenga inawapeza pakona.

Maliro anakaika kwawo ku Ntcheu. A Mbendera anafika pa galimoto yaikulu, analankhula kuti wantchito ngati Ledson sadzamupezanso, anasiya nkhata ya maluwa apulasitiki, n'kunyamuka manda asanakwiriridwe bwinobwino. Achibale a mwamuna anabwera kudzatenga firiji, sofa ndi masuti awiri. Laputopu sanaipeze, chifukwa Ndaziona anali ataibisa pansi pa matewera akuda, ndipo panalibe mlamu amene akanapisa dzanja mmenemo. Patapita sabata ziwiri anabwerera ku Machinjiri, naiikanso patebulo pake, yotseka, n'kuifunditsa kansalu.

Choyamba unali mpando. Madzulo akakolopa ankaulowetsa kunsi kwa tebulo. M'mawa ankaupeza uli kunja, utapendekera pang'ono kumanzere, momwe Ledson ankaukhalira chifukwa cha msana. Anati mwina ndi Tamanda pokwawa. Koma Tamanda ankagona naye kuchipinda, chitseko chokhoma.

Kenako chaja. Anaikulunga n'kuiika m'dilowa, koma m'mawa inali pasoketi. Mayunitsi amene ankayenera kukwana sabata ziwiri anatha masiku anayi, m'nyumba mopanda firiji, mopanda wailesi. M'mphepete mwa tebulo, pomwe munthu amatsamiritsa mikono, pankakhala pofunda m'mawa wa mwezi wa Juni, pomwe simenti yapansi inkachita kuluma mapazi. Tamanda naye anayamba kukwawira kumpando kuja. Ankagwira mwendo wa mpando n'kuimirira, n'kuyang'ana m'mwamba. Sankayang'ana mpando ayi. Ankayang'ana pamwamba pake, pamene pangakhale nkhope ya munthu wokhala pansi, n'kumaseka.

Eni nyumba, mayi Chikaonda, anamuitana tsiku lina akuchapa pampopi. Anayamba ndi kufunsa za mwana, kenako anati iwo si munthu wolowerera za eni, koma khoma lapakati n'lopyapyala. Ati usiku uliwonse amamva kugogoda, tekete tekete, ngati nkhuku zikujompha m'beseni, mpaka tambala kulira. Ati mwezi sunathe chimwalirire mwamuna, ndiye ngati pali alendo, alendowo azichitako manyazi.

"Kulibe mlendo, amayi."

"Ndiye amagogodayo ndani? Inu mumatha makompyuta?"

Phokosolo Ndaziona nayenso ankalimva. Ankadziuza kuti ndi chiswe m'mitengo ya denga. Kuwala kotuwa kumene kunkaoneka kunsi kwa chitseko cha kuchipinda ankadziuza kuti ndi mwezi. Ankangokumbatira mwana, n'kutembenukira kukhoma.

Chimene chinamutha mphamvu ndi nkhani ya azimayi opikula masamba, aja amatsika kumsewu kusanache. Sankadziwa kuti iye ali kumbuyo kwawo pamzere wa pachigayo. Ankauzana kuti pakona paja pamaima bambo wovala masilipasi, amene amafunsa aliyense kuti nthawi ili bwanji. Ukamuuza amangoti ndachedwa, n'kuyamba kukwera chitunda mofulumira. Wina anati iye anamuyang'anitsitsa, koma atafika kumsika sanathenso kukumbukira nkhope yake, ankangokumbukira masilipasi.

Atafika kunyumba, dzuwa lili pamutu, Ndaziona anachotsa kansalu kaja n'kutsegula laputopu. Sanaiyatse, inali yoyaka kale. Pagalasi lakuda panali mzere umodzi, ndipo manambala a kumapeto ankayenda. Maola anali 679. Anawerenga ndi zala, sabata zinayi ndendende kuyambira m'mawa wa Lachiwiri lija. Munthu anapita kumanda wotchi yake ikuyenda.

Anapukuta manja pachitenje. Anasaka zilembo ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka analemba weruka, n'kudina batani lalikulu lija ankamuona akudina. Manambala anaima.

Usiku umenewo m'nyumba munali zii. M'mawa mpando unali kunsi kwa tebulo, tebulo lozizira. Ndi tsiku limenelo pamene Ndaziona analira zenizeni, kuposa mmene analirira ku Ntcheu. Lachitatu ndi Lachinayi anagona tulo ta munthu. Mayi Chikaonda anamupatsa moni wa mano onse, ati mwachita bwino kumva malangizo.

Lachisanu 4 koloko akuyamwitsa, timagetsi ta kabokosi ka pawindo tinayamba kuphethira. Anatsegula laputopu mwana ali kubere. Anaona ndi maso ake mzere umene analemba uja ukufufutika, ngati munthu wadutsitsapo chala. Manambala anabwerera, atadutsa 750, akuyenda ngati sanaimepo. Usiku kugogoda kunayambiranso, kofulumira kuposa kale, ngati munthu amene wapeza ntchito itaunjikana.

Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi, koma Lachisanu masana anazula kabokosi kaja pasoketi. Itakwana 4 koloko timagetsi tinaphethira chimodzimodzi, chingwe chili m'manja mwake.

Pamaliro panali mtsikana wina wogwira ntchito kwa a Mbendera, dzina lake Sungeni, amene anamusiyira nambala. Anakumana ku Limbe, pamalo ogulitsa tchipisi, kutali ndi ofesi. Sungeni anamvetsera osadya, maso ali kumsewu. Kenako anafotokoza kuti mabuku awiri aja akasiyana, lopambana limakhala la bwana. Kwa bwana wotchi ya Ledson sinatsekedwe, ndiye Lachisanu lililonse buku la bwana limauza la kunyumba kuti walakwitsa, munthuyu akadali pantchito. Ndaziona anati ndiye angokaiponya m'chimbudzi laputopuyo. Sungeni anapukusa mutu. Ati mukatero wotchi ya kwa bwana idzakhala yotsegula mpaka kale, popanda woitseka.

Kenako Sungeni anasendeza mpando.

"Achemwali, ndikuuzeni chinthu koma musanditchule. Ntchito za a Ledson zikumatha. Bwana amaika madzulo pa dzina lawo, m'mawa timapeza zatha. Zoyera, zopanda cholakwika. Kalembedwe ndi kawo komwe kaja, ine ndimakadziwa."

"Nanga a Mbendera akuti amagwira ndani?"

"Anatiuza kuti wofunsa mafunso akafunsire kwawo."

Ndaziona anapita ku ofesi tsiku lomwelo, Tamanda ali kumbuyo. Ofesiyo inali pamwamba pa shopu ya matayala. A Mbendera anamulandira ndi manja awiri, anamutcha mlamu, anatumiza Fanta. Kukhoma kunali galasi lalikulu la mayina a antchito, ndipo pambali pa dzina lililonse panali kadontho, kofiira kwa amene aweruka, kobiriwira kwa amene ali pantchito. Ndaziona Chingerezi sankachitha, koma dzina la mwamuna wake ankalidziwa. Kadontho kake kanali kobiriwira.

Sanazungulire. Anati wabwera kudzapempha chinthu chimodzi, kuti amuwerutse Ledson. A Mbendera anaseka pang'ono, mwachisoni. Anati zimenezo ndi za makina, ndi ntchito zakale zimene zikufika mochedwa, ndipo munthu amene ali pachisoni amaona zambiri. Ndaziona anati ngati ndi za makina, angodina kuti kadonthoko kafiire, iye aone, azipita.

"Mlamu, ine chiyambire kampani ino sindinamuwerutsepo munthu. Aliyense amaweruka yekha akatopa. Ndi ufulu umene ndimawapatsa."

"Munthu wake munakamuika nokha m'manda."

"N'chifukwa chake ndikuti ndi za makina."

Potuluka anamuperekeza mpaka pamasitepe. Anamufunsa ngati laputopu ija ilipo, ngati achibale sanatenge. Atamva kuti ilipo nkhope yawo inamasuka. Anati aisunge bwino, asagulitse, isamakhale pachinyezi, ndi chikumbutso cha mwana. Kenako anapisa m'thumba n'kumupatira ndalama m'manja, ati mukagule mayunitsi, m'nyumba mwa mwana musamakhale mdima. Ndaziona anayang'ana ndalamazo. Pamaliro bambowa sanapereke ngakhale ya paketi ya shuga. Lero akumbukira magetsi. Anazisiya pakhoma la masitepe n'kutsika.

Sungeni anamuimbira madzulo ake, akulankhula motsitsa. Anati njira ilipo imodzi. Asadikire Lachisanu. Alembe weruka, kenako alembe yekha lumikiza nthawi yomweyo. Munthu akalumikiza ndi manja, makina sasankha okha, amafunsa kuti mabuku asiyana, litsatidwe liti. Pamenepo asankhe kuti za kunyumba zipambane. Ndaziona anafunsa kuti adzalembe liwu lanji. Sungeni anati iye amadziwa achingerezi okha, a Ledson anasintha mawu onse mu laputopu yawo, koma adzaona, mawu ake ndi awiri basi. Ndaziona anamupempha kuti abwere adzamuthandize.

"Pepani achemwali. M'nyumba imeneyo ine sindingalowe."

Ndaziona anasankha Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo, chitseko ndi mawindo zotsegula. Anasambitsa Tamanda, anamugoneka pamkeka. Iye anavala chitenje chimene Ledson anamugulira atabereka. Pampando paja sanakhalepo. Anaima pambali n'kuwerama, monga ankachitira pomubweretsera chakudya. Mpweya wa pamenepo unali wolemera, wa fungo la malaya ovalidwa masiku ambiri.

Analemba weruka. Manambala anaima. Analemba lumikiza. Timagetsi ta pawindo tinaphethira, ndipo pagalasi panatuluka mizere iwiri ya Chichewa, m'mawu a mwamuna wake enieni.

Mabuku asiyana.
koka kapena kankha?

Anaimbira Sungeni. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, anapeza yazimitsidwa. Kamzere koyera kankaphethira kumapeto kwa funsolo, kudikira.

Ndiye anayamba kuganiza yekha, monga munthu amaganizira zinthu za kwawo. Munthu akafera pamsewu, akuluakulu amapita pamalopo n'kumuitana ndi dzina, kumuuza kuti tiyeni kunyumba, musakhale pano. Njira yonse amayenda akumulankhula, pamlatho amamuuza kuti tikuoloka, pamphambano amamuuza kuti tikukhota. Womwalira amakokedwa, amabwezedwa kwa abale ake. Sanamvepo kuti munthu wakankha maliro. Ndipo amukankhire kuti? Kwa a Mbendera, ku kadontho kobiriwira kaja? Moyo wake wonse Ledson anthu ankangomukankha, pa minibasi, pa ntchito, pa foni. Mkazi wake sangakhale womaliza kumukankha. Mwamuna wake ali m'buku la eni, ndipo chofunika ndi kumukokamo, abwere kuno, apume.

"Bambo a Tamanda," anatero chapansipansi, "tiyeni kunyumba."

Analemba koka.

Mizere inayamba kutsika pagalasi, yambirimbiri, yothamanga ngati madzi a m'ngalande. Poyamba munali mawu amene ankawazindikira. Kenako anayamba kuchepa. Itaima, pagalasi panalibenso liwu la Chichewa ngakhale limodzi. Wotchi inali ikuyenda.

Analemba weruka. Kunatuluka kamzere kachingerezi. Manambala sanaime. Analembanso, mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Kamzere komweko. Analemba kachitatu, kachinayi, mpaka chala chinayamba kumadina zilembo ziwiri nthawi imodzi.

Sungeni anaimba cha m'ma 5, ali panja pa ofesi, ati bwana anali ataima pambali pake tsiku lonse. Ndaziona anamuuza zimene wachita. Sungeni anati kukoka ndi kutenga za kwa bwana n'kuziika kunyumba, kufufuta za kunyumbazo. Kukankha ndiye kukanatumiza weruka uja kwa bwana, wotchi n'kutsekeka mbali zonse. Ankayenera kukankha.

Ndaziona anamuwerengera kamzere kaja chilembo chimodzichimodzi, kuti amuuze tanthauzo lake.

"Akuti liwu limenelo sakulidziwa."

"Liti?"

"Weruka. Mawu a a Ledson afufutika onse, kwabwera a kampani."

Anayesa liwu lachingerezi limene Sungeni anamutchulira. Makina anayankha zina. Sungeni anati akuti laputopu imeneyi ilibe chilolezo choimitsa wotchi, woimitsa ndi mwini kampani yekha. Kale Ledson ankatha kutero chifukwa anakonza yekha njira yake. Njirayo ndi imene yapita. Ndaziona anafunsa ngati ingabwezedwe. Sungeni anati amene akanaibweza ndi Ledson mwini wake.

Asanadule foni anawonjezera china, ngati munthu amene chamulemera pakamwa. Ati m'mawa womwewo a Mbendera anawasonkhanitsa n'kuwauza kuti apeza ntchito yaikulu ya zaka zitatu. Wina anafunsa ngati alemba anthu ena. Iwo anati ayi, amene alipowa akwana.

Ndaziona anaika foni pansi. Kunja ana anali akusewera mpira wa mapepala, mayi Chikaonda akukalipira wina za madzi. Dzuwa linali lisanalowe. Anali asanamvepo phokoso lija kukuwala, koma tsopano linayamba, tekete tekete, iye ali chiimire pomwepo. Sanayang'ane mabatani. Anayang'ana khoma. Buku la kunyumba linkadziwa kuti pali usiku ndi usana, kuti munthu amaima magetsi akazima. Buku limene analikokera m'nyumba mwake silinkadziwa zimenezo.

"Ndimati ndikuchotseniko," anatero. "Palibe anandiuza."

Kugogoda kunaima pang'ono, nthawi yokwana munthu kutembenuza khosi. Kenako kunapitiriza.

Tamanda anadzuka pamkeka n'kuyamba kulira, kulira kwa njala. Ndaziona anamunyamula, anamuika kumbuyo, anamanga chitenje mothina. Anaima pakhomo kanthawi, osadziwa kuti atuluke kapena akhale. Mwana ankalirabe. Anamugwedeza, n'kumusisita kumsana.

"Khala chete, iwe. Abambo ako ali pantchito."